Dedza yake iti, ya pa boma kapena ya kwa mayi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Rosettenville, mu Johannesburg. Akuti akaweruka kuntchito amalembako nkhani pa Wikipedia ya Chichewa, ndiye atafika pa New York mutu waima: pali mzinda, palinso chigawo chonse chimene likulu lake ndi Albany, koma dzina ndi limodzi. Mutu wa nkhani aulembe bwanji?

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Chaka china, kuzizira kutayamba, ndinagula mabulangete awiri, mapoto ndi nsapato za mwana wa mlongo wanga. Ndinalongedza m'chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, n'kuchikulunga ndi tepi mpaka chinaoneka ngati mtolo wa fodya. Ndinakachipereka kwa thiransipota wina pafupi ndi Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Johannesburg. Pamwamba ndinalemba dzina la mayi, nambala ya foni, kenako zilembo zikuluzikulu: DEDZA. Chikwama chinayenda bwinobwino, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa chipata cha Dedza. Mkuluyo anachitsitsa pa golosale ina pa boma, iye ulendo wa ku Lilongwe.

Koma mayi anga sakhala pa boma. Amakhala kumunsi kwa mapiri, ku Mtakataka, kotentha, kumene bulangete lenilenilo amafunda miyezi iwiri yokha. Foni yawo inali yothima sabata yonseyo. Nditamuimbira mkulu uja anandiyankha mosatekeseka: "Bwana, inu munalemba Dedza, ine ndasiya pa Dedza." Ndinakalipa mpaka mayunitsi anatha. Chikwama chinagona pagolosalepo masabata atatu, mpaka alamu anga anakwera msewu wokhotakhota wochokera ku Golomoti kukachitenga, ndipo ndalama ya ulendowo ndinatumizanso ndine. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mkuluyo sananame. Kwa iye Dedza ndi tauni. Kwa ine Dedza ndi kwathu konse, kuyambira kuphiri mpaka kunyanja.

Ndiye musaganize kuti vutoli ndi la Amereka okha. Kwathu pafupifupi maboma onse 28 amagawana dzina ndi tauni yake. Lilongwe ndiye kuposa: ndi mzinda umene unakhala likulu mu 1975, ndi boma lalikulu la midzi yosawerengeka, ndi mtsinjenso, ndipo mtsinjewo ndi umene unayamba kutchedwa choncho. Blantyre ili ndi mnzake ku Scotland, kumene kunabadwira David Livingstone mu 1813, ndipo yathuyi inachita kubwereka dzina. Tete amene timadutsa pa basi ndi mzinda komanso chigawo. Maputo ndiye amasokoneza zedi, chifukwa likulu la chigawo cha Maputo si Maputo ayi, ndi Matola.

Nanga ife kuno ku South Africa? Munthu akhale ku Durban, akhale ku Cape Town, kumudzi amangoti "ali ku Joni". Mzinda umodzi unameza dziko lonse kuyambira nthawi ya agogo athu a kumigodi. Msuweni wanga amagwira ntchito pafamu ku Limpopo, koma abale amandiimbira ine kuti ndikamupatsire uthenga madzulo, ngati kuti timatunga madzi pamjigo umodzi. Limpopo yemweyonso ndi mtsinje komanso chigawo. Ngakhale dzina lakuti Gauteng, malo a golide, anthu olankhula Chisotho ankatchulira Johannesburg chigawo chisanalitenge.

Tsono apa ndiuma mutu pang'ono. Ndimaona ena akukopera kalembedwe ka Chingerezi, kulemba dzina kenako kukankhira mawu ofotokozera m'mabulaketi kumapeto. Azungu amatero chifukwa chiyankhulo chawo chimalola. Ife tinayamba liti kuyankhula m'mabulaketi? Pawailesi amati "m'boma la Mangochi", "mumzinda wa Zomba", "mtsinje wa Lilongwe wasefukira". Mawu ofotokozera amatsogola, dzina limatsatira, ndipo palibe agogo amene anasokonezekapo. Chichewa chinathana nalo kale vutoli, ife tikungolibweretsanso chifukwa chofuna kuoneka ophunzira.

Chenjezo pa mawu akuti boma

Mawu amenewa ali ndi ntchito zitatu kale. Boma ndi olamula dziko, boma ndi dera lonse la DC, boma ndi pamalo pamene pali maofesi ndi msika. "Boma la Dedza" ndi "pa Dedza boma" ndi malo awiri osiyana, funsani chikwama changa. Ndiye mukalemba "Boma la New York", wina adzaganiza kuti mukunena bwanamkubwa ndi nduna zake. Ine kumeneko ndingalembe chigawo, monga timanenera chigawo chapakati.

Yankho lanu ndi ili, achimwene. Lembani nkhani ziwiri, "Mzinda wa New York" ndi "Chigawo cha New York". Pa dzina lopanda kanthu, New York, ikani katsamba kakafupi kolozera ku zonse ziwiri, monga anachitira a Wikipedia ya Chingerezi atakangana zaka zambiri. Pamene aliyense akatchula dzina amatanthauza mzinda, monga São Paulo ya ku Brazil kapena Lilongwe, dzinalo lipatseni mzindawo, ndipo pamwamba pa nkhani muike mzere umodzi wolozera ku chigawo, boma kapena mtsinje. Ena mumalemba nawo akatsutsa, afunseni kuti akamva "ndikupita ku Lilongwe" amaona chiyani m'maso mwawo.

Mukadzafika pa Dedza mundiuze, nkhani ya bomalo ndidzakuthandizani kulemba, ndipo Mtakataka idzakhala m'ndime yoyamba.