Kwa achimwene amene afunsa za ndege zakale za kumpoto kwa Canada ndi Alaska

Achimwene, mwaona kavidiyo ka ndege yamapulopela ikufuka utsi pa chipale chofewa, ndiye mwafunsa kuti bwanji mayiko olemera ngati Canada ndi America akuulutsabe ndege za nthawi ya nkhondo ya Hitler, komanso ngati kumeneku si kuseweretsa miyoyo ya anthu. Ine ntchito yanga ndi yokonza ndege, ndipo ndege zimenezi ndimazilemekeza kwambiri, choncho mundilole nditambasule pang'ono.

Tiyambe ndi malowo, chifukwa ndi malowo amene anasankha ndegezi. Ku Alaska, midzi ndi matauni oposa 80 pa 100 alionse alibe msewu wowalumikiza ndi dziko lonse. Kumpoto kwa Canada n'chimodzimodzi. Tengani midzi ya Déline, Tulita ndi Fort Good Hope, m'chigawo cha Northwest Territories. Galimoto imafikako m'nyengo yozizira yokha, madambo ndi mitsinje zikauma gwa, anthu n'kulambula msewu pamwamba pa ayezi. Msewuwo umakhala milungu yochepa, kenako umasungunuka. M'nyengo yotentha midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Mackenzie, monga Tulita ndi Fort Good Hope, imadalira mabwato akuluakulu a katundu, koma mu 2024 madzi anachepa moti mabwatowo sanayende, mafuta a tauni ya Norman Wells anachita kubwera pa ndege. Miyezi ina yonseyo ufa, mkaka, mankhwala, matewera a ana, malata, dizilo wa jenereta ya mudzi, zonse zimadzera kumwamba.

Tsono mabwalo a ndege a m'midzi imeneyi musawayerekeze ndi KIA. Msewu wa ndege wa ku Lumbadzi ndi watala, wopitirira mamita 3,000. Wa ku Tulita kapena Déline ndi wagelevulo, mamita pafupifupi 1,200 basi. Injini ya jeti imayamwa mpweya wambiri, ndipo pa Boeing za masiku ano injiniyo ili pafupi ndi nthaka, ndiye ikayamwa timiyala, ndalama zankhaninkhani zapita. Boeing 737-200 yakale inali ndi zotchingira miyala zoikirira, koma nayonso ikutha, kampani ya Canadian North inapumitsa yake yomaliza mu 2023. Pamene Douglas DC-3, yomwe inauluka koyamba pa 17 December 1935, inapangidwa nthawi imene mabwalo ambiri anali audzu ndi dothi. Matayala ake ndi aakulu, mphuno yake imayang'ana kumwamba chifukwa tayala lachitatu lili kumchira, ndipo imatera pang'onopang'ono. Imanyamula matani pafupifupi 3. Mkulu wake, Curtiss C-46, amene pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankanyamula katundu kuchokera ku India kupita ku China kudutsa mapiri a Himalaya, amanyamula pafupifupi kuwirikiza kawiri. DC-6 ya injini zinayi imafika matani 13. Ndege yatsopano yonyamula katundu wotere n'kutera pa gelevulo wamfupi, pa mtengo umene mudzi wa anthu mazana ochepa ungakwanitse, n'njosowa.

Pali nkhani ya ndalama, imene ambiri saiona. Ndege yatsopano imagulidwa ndi ngongole, ndipo kuti ngongoleyo ibwezedwe iyenera kuuluka usana ndi usiku. Kumpoto kuja nyengo siilola zimenezo. Ndege ikhoza kukhala pansi masiku awiri kudikira chimphepo chidutse. C-46 inalipiridwa kalekale, ikakhala pansi palibe banki ikukuwerengerani chiwongoladzanja. Imadya mafuta kwambiri, inde, imafunanso manja a amakaniko tsiku ndi tsiku, koma kwa kampani youluka maola ochepa masamuwo amatuluka. N'chifukwa chake Buffalo Airways ya Joe McBryan, yomwe inayamba mu 1970 ndipo imagwirira ntchito ku Yellowknife ndi Hay River ku Northwest Territories, yakakamira DC-3 ndi C-46 zaka zonsezi, ndipo Everts Air ya ku Fairbanks, Alaska, yasunga DC-6 ndi C-46, zina mwa izo zonyamula mafuta okhaokha kupita kumidzi ndi kumigodi.

Za utsi uja, musadandaule, si chizindikiro cha matenda. Injini zimenezi masilinda ake anayalidwa mozungulira ngati masipoko a njinga. Ya DC-3, Pratt & Whitney R-1830, ili ndi masilinda 14, ya C-46 ndi DC-6, R-2800, ili ndi 18. Ndiye masilinda ena amakhala chadodolido, mutu pansi. Ndege ikagona, oilo amatsetsereka pang'onopang'ono n'kukadikha m'masilinda apansiwo. Oilo sapanikizika ngati mpweya. Mukangoliza injini oilo ali thithithi m'silinda, pisitoni imagunda ngati yagunda khoma, ndodo yake n'kupindika, ndipo choipa n'chakuti ikhoza kudzathyoka ndege ili m'mwamba. Choncho asanalize amazunguza kaye pulopela moto uli wozima, kuwerenga masamba ake mmodzimmodzi, kumvetsera ngati pali polimba. Akakhutira ndiye amayatsa, ndipo oilo wotsalayo ndi amene amapsa n'kutulutsa chiutsi choyera chija. Pakapita kanthawi chimatha.

Kuzizira ndiye mdani wa tsiku lililonse. Ku Yellowknife m'mwezi wa January kufika madigiri 40 pansi pa ziro si zachilendo. Pamenepo oilo amalimba ngati chiponde, mapaipi a labala amasanduka ouma ngati nkhuni, ndipo chitsulo ukachigwira ndi dzanja lopanda gulovu khungu limakanirira. Injini amazifunditsa mabulangete okhuthala, ndipo mbandakucha anyamata amakoka makina otenthetsera otchedwa Herman Nelson, kulowetsa mapaipi a mpweya wotentha pansi pa bulangete mpaka injini itafewa. Kenako asese mapiko, chifukwa ngakhale kachisanu kopyapyala pamwamba pa phiko kamalanda ndege mphamvu yonyamuka. Akafika kumudzi amatsitsa katundu mothamanga injini zisanazizire. Anyamata okoka makinawa ndi kupakira katundu nthawi zambiri ndi mapailoti kale, ali ndi ziphaso m'thumba, koma amayamba ndi ntchito yapansi miyezi yambiri asanapatsidwe mpando wakumanja wa pailoti wothandizira. Ena amati n'kuzunza achinyamata, ndipo pali malo pomwe dandaulolo n'loona. Komabe ine ndimaona kuti pailoti amene anafunditsapo injini ndi manja ake mumdima saigwira mwankhanza akakhala pampando.

M'mwambamo namo muli zake. Ndege ngati DC-3 ndi C-46 zilibe mpweya wopopedwa m'kati, ndiye sizikwera pamwamba pa mitambo ngati jeti, zimadutsa m'kati mwenimweni mwa nyengo. Madzi a m'mitambo amaundana pa mapiko, ndipo chothandiza ndi malabala a kutsogolo kwa phiko amene amafufuma n'kuphwa kuti ayezi asweke. Kampasi yamaginito kumtunda kwenikweni imasokonezeka chifukwa nsonga ya maginito a dziko ili pafupi, moti Canada inapatula chigawo chakumpoto kumene njira za ndege ndi manambala a misewu ya pabwalo zimawerengedwa potsata kumpoto kwenikweni kwa pamapu. GPS yathandiza kwambiri pamenepa. Koma GPS siingakuthandizeni pamene kumwamba ndi pansi zayera mofanana, osaona polekezera nthaka. Ku Utqiagvik, kunsonga kwa Alaska, dzuwa likalowa mu November silitulukanso kwa masiku oposa 60. Ndipo C-46 imadziwika kuti potera mphepo ikuwomba cham'mbali, thupi lake lalikululo limagwira mphepo ngati thanga la bwato, miyendo ya pailoti siipuma pa mapedalo owongolera mchira mpaka ndege itaimiratu.

Tsopano funso lanu lachiwiri lija. Sindingakunamizeni kuti palibe ngozi. Pa 23 April 2024 ndege ya DC-4 yonyamula mafuta inagwa m'mbali mwa mtsinje wa Tanana itangonyamuka ku Fairbanks, injini imodzi itagwira moto, ndipo anthu awiri amene analimo anafa. Kumapeto kwa 2015 boma la Canada linaimitsa chiphaso cha Buffalo Airways pa nkhani za chitetezo, n'kudzachibweza kumayambiriro kwa 2016, ndipo ulendo wawo wa DC-3 wonyamula anthu pakati pa Hay River ndi Yellowknife unathera pomwepo. Ife Amalawi mtundu wa DC-4 timaudziwa ndi misozi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobweza abale athu kuchokera ku migodi ya ku Joni inagwa ku Francistown, anthu 78 n'kutisiya, ndipo a Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu a Wenela. Chinapezeka n'chakuti petulo wa ndegeyo anasakanikirana ndi mafuta a jeti. Ndatchula zimenezi chifukwa zikusonyeza pamene pagona ngozi. Zaka za ndege pazokha sizipha. Thupi la DC-3 linamangidwa molimba, ndipo poti silifufuma ndi kuphwa ulendo uliwonse ngati la jeti, silitopa msanga. Injini imachotsedwa ikakwana maola ake n'kukaphwasulidwa yonse. Chimapha ndi mafuta olakwika, katundu wopitirira muyezo, natiyo imene wina sanaimange bwino chifukwa zala zinachita dzanzi, ndi bwana wokakamiza ulendo nyengo itakana.

Chimene chidzatsitse ndegezi pansi ndi zinthu zitatu zimene zikutha limodzi. Petulo wake, 100LL, ali ndi mtovu ndipo kumpoto akusowa, mabwalo ambiri amasunga mafuta a jeti okha, ndiye pena ndege imanyamuliratu mafuta obwerera, katundu n'kuchepa. Masipeya sakupangidwanso mochuluka, amachita kugwetsa ndege ina kuti inzake iuluke. Ndipo amakaniko odziwa kumva R-2800 ndi khutu akukalamba, pamene achinyamata kusukulu akuphunzira za jeti. Chachitatuchi ndi chimene chimandipweteka. Njira ina ilipo: kampani ya Basler ku Oshkosh, Wisconsin, imatenga DC-3, kuitalikitsa, kuiika injini za PT6 zoyendera mafuta a jeti, n'kuitcha BT-67. Kenn Borek Air ya ku Calgary imaziveka masikii otsetserekera pa chipale n'kumapita nazo mpaka ku Antarctica. Nayo Buffalo inayamba kuulutsa Boeing 737 ya katundu mu 2023, pa njira ya mabwalo atala.

Mukaonanso kavidiyo kaja, achimwene, yang'anani pulopela injini isanalire. Mudzaona ikuzungulira mwaulesi masamba angapo, kenako injini itsokomole, utsi utuluke, ndipo pambali padzakhala munthu wovala chijasi atagwira chozimitsira moto, maso ali pa ekizosi.