Yankho langa kwa alamu pa za ulendo wa kumadzi mu Ogasiti

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Chipata? Uthenga wanu ndinaumva masana ndili kuntchito, koma ndadikira kuti ana agone kaye kuti ndilankhule modekha, ndipo ena onse a m'gulu lino amve nawo, popeza nkhaniyi ikukhudza ana athu tonse. Mwafunsa kuti mukabwera kuno ku Lusaka pa tchuthi cha Ogasiti, tipite ndi ana kudamu la pafamu ya mnzanu uja cha ku Chongwe, kumene mwamva kuti anthu amawotcha nyama ndi kusambira, kapena tilimbe mtima pa mafuta tikafike ku Siavonga, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Kariba. Ine ndikuti tipite ku Siavonga. Koma ngakhale kumeneko, ana akaione nyanja, akakwere boti, akadye nsomba, ndipo kusambira akasambire m'dziwe la simenti la pamalo ogona alendo basi.

Ndiyambe ndi damu la pafamu, chifukwa ndi limene limanyenga makolo. Zaka zingapo zapitazo tinapita ndi ana pafamu ina kunja kwa mzinda uno, pamene panali damu laling'ono lothiririra mbewu. Madzi anali bata, m'mbali munali bango ndi udzu wautali, ng'ombe zikumwa tsidya linalo, akakowa ataima pambali pake. Mwana wathu wachisamba, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 9, anakhala m'madzimo masana onse, ife tikutembenuza nyama pamoto ndi kumuyamikira kuti wadziwa kusambira. Patapita miyezi ngati iwiri, amayi ake pochapa anaona timadontho ta magazi pa kabudula wake wamkati, ndipo titamufunsa bwino anaulula kuti wakhala akukodza magazi kwa masiku angapo koma amabisa chifukwa cha manyazi. Kuchipatala anayeza mkodzo ndi kupeza likodzo.

Matendawa sachita kufuna kuti munthu amwe madziwo. Tizilombo take timakulira m'nkhono zazing'ono za m'madzi oima, makamaka pamene pali bango ndi zomera, ndipo tikatuluka m'nkhonomo timaboola khungu la munthu amene walowa m'madzi, ngakhale atangoviika miyendo. Munthu wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzimo, mazira amabwereranso ku nkhono, ndipo damu lonse limasanduka nkhokwe ya matenda, chikhalirecho likuoneka loyera. Mankhwala ake alipo, amatchedwa praziquantel, ndipo mwanayo anachira, koma sindikufuna kuti mubwerere ku Chipata ndi mphatso yoteroyo. Kuwonjezera apo, madamu ambiri a m'mafamu sanakumbidwe kuti anthu azisambiramo. M'mbali mwake mumatsetsereka mwadzidzidzi, pansi pake pamakhala matope ogwira miyendo, ndipo sipakhala munthu woyang'anira osambira. N'chimodzimodzi ndi maenje a kuno ku Lusaka amene anatsala atafukula miyala, monga a ku Misisi, amene amadzaza madzi nthawi ya dzinja ndipo akhala akumeza ana. Ngati mnzanuyo watiitana ndi mtima wonse, tikhoza kupita tsiku lina kukawotcha nyama ndi kuponya mbedza tili pamtunda, koma kulowa m'madzi ayi.

Tsopano za Siavonga. Kuchokera kuno ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo tikanyamuka m'mamawa chakudya cha masana tikadyera komweko. Timadutsa ku Kafue, kuwoloka mlatho, kenako kutenga msewu wa ku Chirundu, umene umatsika mapiri mokhotakhota pakati pa magalimoto akuluakulu a katundu opita kumalire. Pamenepo ndikupempha kuti chiwongolero ndidzagwire ine, osati chifukwa chokuderani, koma malo ngati Kapiringozi amafuna munthu amene anawazolowera. Tisanafike ku Chirundu timakhotera kumanja, ndipo cha komweko kuli malo amene mitengo yakalekale inasanduka miyala. Ana a sukuluwa adzakondwa kuigwira ndi manja. Mudzamva kutentha kukuwonjezeka pamene tikutsika, chifukwa Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 pomwe nyanjayo ili m'chigwa, pa mamita osakwana 500. N'chifukwa chake Ogasiti ndi nthawi yabwino. Mu Okutobala m'chigwamo simukhalika, ndipo kulinso udzudzu wambiri kuposa kuno, choncho masikito asatsale.

Ana anu anasambirapo ku Senga Bay ku Salima, ndiye akuganiza kuti nyanja iliyonse ndi yotero. Muwauziretu kuti Kariba ndi nyanja ya mtundu wina. Si yachilengedwe ngati ya Malawi. Ndi mtsinje wa Zambezi umene anautseka ndi khoma la konkire lotalika mamita 128 kupita m'mwamba, limene linatha kumangidwa mu 1959, ndipo madzi anatenga mpaka 1963 kuti adzaze chigwa chonse. Lero nyanjayo ndi yaitali makilomita oposa 200, ndipo pena ndi yotambalala mpaka makilomita 40. Pansi pake pali midzi, minda ndi manda a Atonga, amene anasamutsidwa pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za mtsinje kuti madziwo apeze malo. Ndimafuna kuti ana athu azimva zimenezi ali m'botimo, pamene akuona mitengo youma imene ikali chiimire m'madzi m'malo ena, nthambi zili mbuu ngati mafupa, chifukwa magetsi amene amawonera wailesi yakanema kunyumba anagulidwa ndi midzi ya anthu. Khomalo lili pafupi ndi tauni ndipo ndi malire athu ndi Zimbabwe, choncho aliyense wamkulu atenge reji yake, chiphaso cha unzika chija, kuti tikapemphe kuyenda pamwamba pake. Mukayang'ana pansi kuchokera pamenepo miyendo imachita kunjenjemera. Mukumbukira mmene tinavutikira ndi kuzima kwa magetsi mu 2024 chilala chija chitaphwetsa madzi, ndiye mukadzaona nokha malo amene vutolo linachokera.

Chimene chimandiletsa kulola mwana kulowa m'nyanjamo, kupatula likodzo limene likupezekanso m'magombe a bata, ndi ng'ona. Ng'ona sichenjeza. Imabisala m'madzi osaya pafupi ndi gombe, maso okha ali pamwamba, ndipo imazolowera malo amene anthu amabwerabwera kudzatunga madzi, kuchapa kapena kutumbula nsomba. Nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakucha ndi chisisira, imene ilinso nthawi yomwe alendo amakonda kuima m'mphepete penipeni pojambula zithunzi za dzuwa. Mvuu nazo zimatuluka usiku kudzadya msipu pamtunda, ndipo munthu woyenda mumdima akaima pakati pa mvuu ndi madzi amakhala kuti wadziika m'mavuto. Anthu a komweko akakuuzani kuti pano musayandikire, musatsutse, ngakhale mutaona alendo ena akusambira.

Pa nkhani ya boti, mawu anga ndi amodzi: tisanalipire ndalama iliyonse, tidzawerenge majekete oyandamitsa munthu, ndipo pakhale okwanira ana, osati akuluakulu okhaokha amene mwana akhoza kupululukamo akagwera m'madzi. Woyendetsa akanena kuti majekete alipo koma ali pansi pa mipando, atulutse tiwaone ndipo ana avale tisananyamuke. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, ndipo panyanja yaikulu chotero mafunde amadzuka mofulumira, choncho ulendo wa boti tidzaupange m'mawa madzi akali bata. Amene akufuna kuwedza adzayese mwayi pa nsomba zofanana ndi chambo zimene kuno timangoti bream. Kulinso nsomba yolusa ya mano akuthwa yotchedwa tiger, imene anthu amachokera kutali kudzalimbana nayo, koma mwana asayerekeze kuika chala m'kamwa mwake pochotsa mbedza.

Chimene ndikufuna kwambiri kuti mudzaone ndi usiku. Dzuwa likalowa, maboti ogwira kapenta, tinsomba ting'onoting'ono tija, amalowa pakati pa nyanja, lililonse lili ndi ukonde wozungulira wolendewera pa chitsulo ndi nyali zowala kwambiri. Amatsitsa ukondewo pansi, nsomba zimasonkhana potsatira kuwala, kenako amaukweza. Ukaima pamtunda umaona nyali zili ngwee m'mizere kutali uko, ngati pamadzi pamera tauni, ndipo mphepo ikatembenuka umamva majenereta akulira chapansipansi. M'mawa kapentayo amamuyanika pa mathandala, fungo lake lili ponseponse, ndipo amene timagula ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka pamtengo wokwera mudzamupeza komweko asanadutse m'manja ambiri. Ana mudzawadabwitse powauza kuti kapenta ndi mlendo m'nyanjamo, anachita kubwera naye kuchokera ku Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Posankha masiku tiyang'ane kalendala kuti tipewe nthawi imene mwezi uli wathunthu, chifukwa mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana pa nyali ndipo maboti sachuluka panyanja.

Munatchulanso Itezhi-Tezhi ndi Samfya. Itezhi-Tezhi ndi damu la pa mtsinje wa Kafue limene linatha mu 1977, ndipo ubwino wake ndi wakuti lili m'malire a nkhalango ya Kafue National Park, moti munthu amatha kuona njovu zikubwera kudzamwa madzi, koma ndi kutali kuposa Siavonga ndipo kumafuna masiku atatu kapena anayi. Samfya, pa nyanja ya Bangweulu, ili ndi mchenga woyera umene ungawakumbutse ana za ku Salima, koma ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo inu mudzakhala mutayenda kale mtunda wonse wochokera ku Chipata. Kuli damu la Mulungushi cha ku Kabwe, lakale kwambiri, la 1925, limene anamanga kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill, koma limakomera kwambiri anthu amene ali ndi maboti awo. Malo amenewa tiwasungire chaka china.

Ndiye mukambirane ndi achemwali, mundiuze pofika Lachisanu masiku amene mwasankha ndi chiwerengero cha ana, kuti ndiyambe kufunsa malo ogona amene ali ndi dziwe losambiramo, chifukwa pa tchuthi amadzaza msanga. Aliyense atenge chipewa ndi nsapato zotseka, ndipo amene amachita nseru m'galimoto akhale kutsogolo pamene tikutsika mapiri aja. Mtedza wa ku Chipata musauiwale, tidzakazinga wa panjira. Mugone bwino, moni kwa onse kunyumba.