Zingwe za parachuti ya roketi ya mwana

Eee, msuweni, ndamva. Ukufunsa kuti ugule twayini wanji wa parachuti ya roketi ya mwana wako, ya botolo la malita 2 ija. Koma iwe ndimakudziwa, nkhani si twayini ayi. Chinthucho chatsika chikuzungulira, chamenya pansi, mwana walira, ndiye ukufuna kunamizira ulusi. Ndikunama?

Mmm, dikira kaye. Ukuwakumbuka amalume a ku Senga Bay, bambo ako aang'ono aja, nthawi ya chilimira chawo, khoka lophera usipa lija? Madzulo, bwato lisananyamuke, ankatambasula zingwe zokokera zija pamchenga, ziwiri pamodzi, n'kumayeza mkono ndi mkono. Alovi, anyamata okoka khoka aja, ali chiimire, usiku ukugwa, iwo osathamanga ngakhale pang'ono. Tsiku lina mlovi wina, uja ankadya kwa agogo uja, analumikiza chingwe choduka osawauza. Chinatalika pang'ono chabe. Amalume atachigwira anangoti masula. Nyali zayaka kale, siginala, wokopa usipa ndi nyali uja, akukuwa m'madzimo, anzawo apita, iwo akuti masula, tiyezenso. Ankati mbali imodzi ikatalika khoka limapendama, usipa n'kutulukira pomwepo. Agogo ankati ndi kuuma mutu, kumene iwe unatengerako, koma usipa wawo tinkadya tonse.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya. Zingwe zako sizofanana kutalika, vuto ndi limenelo. Chimodzi chikafupika, parachuti imapendama, mphepo imathawira mbali imodzi.

Chita chonchi. Dula jumbo yopyapyala ikhale ya ngodya 8, masentimita 60 m'lifupi. Khoma misomali iwiri pathabwa, motalikirana masentimita 75. Zunguliza ulusi pamisomaliyo katatu, ayi, kanayi, poti ngodya ndi 8 ndipo kuzunguliza kamodzi kumapereka zingwe ziwiri. Usanachotse, manga mfundo imodzi pamsomali woyamba kuti ulusi wonse ugwirane, kenako dula pamsomali winawo kamodzi. Wapeza zingwe 8 zofanana. Pangodya iliyonse mata selotepi uku ndi uku usanaboole, apo ayi jumbo ing'ambika ikangotseguka. Ulusi wosokera nsapato ndi wabwino. Wa mbedza usiye, umapotana ndipo mfundo zake zimaterereka. Koma kachitsulo kozungulira ka asodzi kaja, swivel, ukakapeza kaike pamfundopo.

Popinda usamangirire zingwe molimba ngati mtolo, ingozikulunga mopepuka, uwazeko paudala wa ana kuti pulasitiki isamatirire.

Ukamaliza gwira pakati pa jumbo, lendeweretsa botolo. Chingwe china chikalefuka pamene zinzake zakungika, masula. Zifanane, msuweni, usayeze ndi maso monga umachitira pothira mchere. Ndipo mwanayo ayeze yekha, iwe ungogwira msomali. Wamva? Zonse 8 zifanane kutalika, za twayini iwala. Mukaiulutsa munditumizire kanema muno.