Mudala, ngati mumasewera FC, ikani Windows basi

Mudala, mwafunsa ngati muike Windows kapena Linux pa kompyuta yanu ya masewera. Poti mwanena kuti inu ndi anyamata anu mumakonda FC, masewera a mpira a kampani ya EA, ikani Windows ndipo musalole munthu akunyengerereni. Ine zinandigwera, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira.

Kompyuta yanga imakhala kuchipinda kuno ku Chilenje, masewera ndimawatumiza pa TV ya pabalaza. Kale ndinkawatumiza ndi pulogalamu ya Nvidia ya GameStream, koma Nvidia itaisiya mu 2023 ndinaika Sunshine yotumiza masewera pa kompyuta ndi Moonlight yowalandira pa TV ndi pa foni, zonse zinkayenda bwinobwino. Vuto linayamba Windows 10 itasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025. Makina anga ankakana Windows 11 ponena kuti mulibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo komwe Windows 11 imafuna, ndiye ndinawanyamula kupita nawo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta cha ku Katondo Street. Iye osatsegula n'komwe BIOS, momwe mumakhala ma settings a makina enieniwo, anangoti, "Bwana, awa ndi akale, tiikemo Linux, Proton imayendetsa masewera onse." Onse, akutero! Proton ndi pulogalamu yoyendetsa masewera a Windows pa Linux. Anaikamo Bazzite, mtundu wa Linux wopangidwira masewera.

Loweruka madzulo anzanga anabwera, nyama ili pamoto, mlamu wanga wachokera ku Matero ndi ma controller ake awiri. Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira masewera, inatseguka pa TV mokongola kwambiri, aliyense n'kuwomba m'manja. Ndinapita kufuna masewera anga, disiki yachiwiri mbee, mulibe kanthu. Munthu uja anafufuta zonse, ndi ma save omwe sanali pa cloud, osandifunsa. Ndinayamba kukopera FC yokha ndi bundle ya pa foni, anthu akudikira, nyama ikuzizira, mlamu akundiseka kuti ndagula TV yoonera mzere wa download. Itatha usiku ndinadina Play. Zii. Ndinadinanso, batani likungobwerera pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti anti-cheat ya EA, pulogalamu yoletsa chinyengo m'masewera, imalowa mkati mwenimweni mwa Windows, mu kernel, ndipo Proton singathe kuiyendetsa. Fortnite ndi Valorant nazonso sizilowa pa Linux. Za FC zinalembedwa poyera pa ProtonDB, webusaiti yosonyeza masewera a pa Steam omwe amayenda pa Linux, munthu wodya ndalama za anthu tsiku ndi tsiku akanayenera kuzidziwa.

Nditamuimbira foni anandiuza kuti vuto ndi intaneti yanga. Lolemba ndinam'peza pashopu, akuti ndilipirenso kuti abwezeremo Windows, ngati kuti ndine ndinafufuta disiki. Chondipweteka kwambiri n'chakuti mwana wa mchemwali wanga, wa Grade 11, anatsegula BIOS n'kupeza kuti TPM inalimo kalekale, inali yongozimitsa. Pa Intel imalembedwa PTT, pa AMD fTPM. Yang'anani pamenepo musanapereke makina anu kwa anthu a m'tauniwa, ndipo disiki ya masewera muichotse isanachoke pakhomo.

Komabe ndisakunamizeni, Bazzite ija sindinaichotse, ndipo masiku ambiri ndiyo ndimayatsa. Ndi malaiti athu a mu Lusaka ongopitapitawa, ndinaika mu BIOS kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera, ndipo imalowa mu Steam popanda ine kudzuka kukagwira keyboard. Windows ndinaiika pa ka SSD kena kongosewerera FC. Ndiye ngati khadi lanu la graphics ndi la AMD ndipo mumasewera kwambiri masewera a munthu mmodzi, Linux ikukwanirani, mwinanso kuposa Windows.

Chilichonse chomwe musankhe, kokani waya wa ethernet kuchokera pa router kufika pa kompyuta, Wi-Fi muisiyire foni ndipo ikhale ya 5 GHz. Gulaninso ka HDMI dummy plug, kapulagi konamiza kompyuta kuti pali monitor, chifukwa popanda monitor yolumikiza Sunshine ikhoza kukutumizirani mdima wokhawokha pa TV. UPS yaing'ono, batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akathima, nayonso ndi yofunika, magetsi akathima pakati pa update mudzalira, kaya ndi Windows kaya Linux.