Ubuntu ikukana kusunga mafayilo anga: tiikakamize?

Funso: Ndimataipa ndi kusindikiza zikalata za anthu pafupi ndi msika wa Kapata. Mng'ono wanga anandiikira Ubuntu (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta) pambali pa Windows 10. Ndikalowa ku Ubuntu, partition (chigawo cha disiki) ya D, momwe muli ntchito za makasitomala, imatseguka koma siilola kusungamo kanthu. Iye akuti aikakamiza. Ndimulole? – Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Ayi amayi, musamulole. Ubuntu ikukana dala, ndipo kukanako n'kumene kwasunga ntchito zanu mpaka lero.

Gwero lake lili ku Windows. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, muli Fast Startup. Mukadina Shut down, Windows sizima yonse ayi. Imasunga zomwe inali kuchita mu fayilo ya hiberfil.sys kuti idzayake msanga, ndipo partition za NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows, monga pa D) zimatsala ngati zikadali m'manja mwake. Ubuntu ikalembamo mokakamizidwa, Windows poyakanso imangopitiriza pamene inalekezera, osadziwa kuti wina wasintha zinthu. Zili ngati anthu awiri kulemba m'buku limodzi la ngongole mosauzana. Mafayilo amasowa, ena amakana kutseguka, ndipo kasitomala wa CV sadzamva zoti vuto linali la kompyuta.

Lowani ku Windows, pitani ku Control Panel, kenako Power Options, musankhe "Choose what the power buttons do". Dinani "Change settings that are currently unavailable", muchotse kachizindikiro pa "Turn on fast startup". Zimitsani, muyatse Ubuntu. Ikakanabe, bwererani ku Windows, mutsegule Command Prompt ngati administrator, mulembe chkdsk D: /f. NTFS ndi ya Windows, muisiyire Windows yomweyo ikonze.

Nayonso Windows siwerenga ext4, kasungidwe ka mafayilo ka partition momwe mumakhala Ubuntu. Ikadzakufunsani zopanga format (kufufuta zonse) disiki yomwe siikuizindikira, kanani. Kapartition kakang'ono ka EFI nakonso musakakhudze, pakuti Windows ndi Ubuntu zonse ziwiri zimayakira pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi magetsi. Mng'ono wanuyo akadzafuna kukulitsa kapena kuchepetsa partition, mafayilo amatha kusunthidwa kwa maola, ndipo malaiti akapita ntchito ili pakati, batire nalo litatopa, partition yonse ikhoza kuonongeka. Asanayambe, koperani ntchito za makasitomala pa hard disk yakunja, muitsomole, muisunge padera. Ngati disiki ili ndi BitLocker (loko wa Windows wokhomera disiki), lembaninso papepala recovery key yake, kiyi yotsegulira ya manambala 48.