Ntchito yoyeza kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'nyumba ku Johannesburg

Achimwene, ntchitoyi mukhoza kuiphunzira ndipo ili ndi msika, makamaka poti muli kale ndi luso la zamagetsi kuchokera kumudzi. Choyamba tengerani satifiketi yanu ku SAQA, bungwe la ku South Africa lounika masatifiketi a maphunziro, kuti akaiunike, chifukwa popanda zimenezo mabwana ambiri kuno saiwerengera.

Msika ulipo chifukwa malamulo a 2020 amakakamiza nyumba zikuluzikulu, monga maofesi ndi masukulu oposa masikweya mita 2,000, kukhala ndi Energy Performance Certificate, satifiketi yoonetsa kuchuluka kwa mphamvu zomwe nyumba imagwiritsa ntchito, yomwe imalembetsedwa ku SANEDI, bungwe la boma loona za mphamvu. Muwerengenso SANS 10400-XA, gawo la miyezo ya kamangidwe ka nyumba, yomwe imakamba za kasungidwe ka mphamvu m'nyumba zatsopano.

Pa zomwe ndaona, ntchito yambiri ndi ya mapepala: kusonkhanitsa mabilu a chaka chonse a City Power (kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg), kuwerenga mamita, kenaka kukwera kudenga kukaona ngati muli zotsekera kutentha. Mu Juni, kukazizira, mumapeza geyser (thanki yotenthetsera madzi) yosakutidwa ikutentha usiku wonse, mwini nyumba akudandaula za bilu.

Koma mawaya musakonze nokha musanalembetsedwe; satifiketi ya CoC, yotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo, amasaina ndi katswiri wamagetsi wovomerezeka, ndipo za chilolezo chanu chogwirira ntchito mufunse loya wodziwa zolowa ndi kutuluka m'dziko.