AFP ya bambo anu yatsika, koma sikani musaiphonye

Achemwali, mwafunsa ngati kutsika kwa AFP ya bambo anu, atangolandira kangapo mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, kukusonyeza kuti khansa ya pachiwindi yayamba kugonja. Ndakondwera nanu, chifukwa kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro chabwino. AFP ndi puloteni yomwe zotupa zambiri za pachiwindi zimatulutsira m'magazi, ndiye chotupa chikamafooka nayonso imachepa. Komabe payokha siyokwanira. Odwala ena AFP yawo sikwera n'komwe ngakhale chotupa chili chachikulu, ndipo imathanso kukwera chiwindi chikangotupa. N'chifukwa chake madokotala amatsimikiza ndi sikani ya CT kapena MRI.

Papepala la zotsatiralo musamangothamangira mzere umodzi wa AFP. Onaninso albumin, bilirubin ndi INR. Zimenezi zimaonetsa mphamvu zomwe chiwindi chatsala nazo, ndipo n'zimene dokotala amadalira poona ngati bambo angapirire mankhwala monga atezolizumab ndi bevacizumab, omwe bungwe la ku America loona za mankhwala la FDA linavomereza mu 2020 ndipo amaperekedwa padiripi masabata atatu alionse.

Chimene ine ndimada nacho nkhawa kwambiri n'chakuti chitetezo chikadzutsidwa nthawi zina chimaukira ziwalo zabwinobwino. ALT ndi AST (zomwe zimaonetsa ngati chiwindi chikuvulala) zikakwera mwadzidzidzi, kapena TSH (yomwe imaonetsa momwe chithokomiro chikugwirira ntchito) ikasokonekera, magazi amaulula munthu asanamve kalikonse m'thupi. Chonde asadumphe tsiku lokayezetsa, ngakhale akuoneka athanzi. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada kapena akayamba kutsegula m'mimba kosaleka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati ali ndi hepatitis B, matenda a chiwindi oyambitsidwa ndi kachilombo, afunseni adokotala za kuyeza kuchuluka kwa kachilomboko, ndipo mankhwala ake asawasiye.